Ka "let up" kanandidyera malipiro a mwezi

Achimwene, mwafunsa tanthauzo la mawu a Chingerezi akuti "let up". Ka "let up" kameneka musakaderere, ine kanandigonetsa m'matope. Tanthauzo lake ndi kuchepa mphamvu kapena kuyamba kusiya, makamaka mvula, mphepo, ngakhale ululu. Akati "the rain has let up" ndiye kuti mvula yakata kapena yatsala yowaza. Ka "up" ako ndi konyenga, sikakunena za kukwera ayi.

Ine ndinkayendetsa lole ya bwana wina, kukatenga mbatatesi ku Tsangano kudzatsitsa pa Lizulu. Tsiku lina tangomaliza kupakira, mvula ija yayamba. Meseji pa foni: "Come when the rain lets up." Ine m'mutu mwanga ndinati "up" ndi pamwamba, ndiye abwana akuti mvula ikayamba kukula ndinyamuke msewu usanaipe. Ndinaliza galimoto.

Sitinapite patali. Pa chitunda china matayala akumbuyo anangoyamba kuzungulira pamodzimodzi, lole n'kutsetsereka cham'mbali mpaka mu ngalande. Kunja kwada, kuzizira kwa kumtunda kuja mukukudziwa, zala zosagwira kanthu. Anyamata a m'mudzi anati sakankha tisanawapatse kangachepe. Tinatsitsa matumba onse mvula ili pamsana, lona wake wobooka, ine slipasi imodzi inatsala m'matope momwemo. Foni inazima. Ndinagona mu lole ndi njala, zovala zili chonyowa.

Mbatatesi yonyowa sichedwa kuola. Abwana anandidula malipiro a mwezi wonse, kunditukwana pamaso pa amayi ogulitsa kabichi. Munthu wake Mngoni mnzathu wa konkuno, kwawo amayankhula Chichewa bwinobwino, koma akagwira foni ndiye mzungu. Chinawavuta n'chiyani kulemba kuti "dikira mvula ikate"? Sabata yonse sanandipumitse pakamwa, pamenepo ndiye pa Chingerezi amati "he didn't let up on me", kutanthauza kuti sanandifewereko. Ndipo zikakhala zakale amati "let up" yemweyo, kulibe "letted". Musasokonezenso ndi "let down", uko ndi kukhumudwitsa munthu.

Ndiye mukapanda kumva mawu, imbani foni mufunse, manyazi alibe phindu. Komatu bwana ngati wanga uja musamufunse, adzakusekani mpaka chaka chamawa, bola kufunsa anzanu. Ndiponso kunena zoona, mvula ija inakata m'mawa, ndikanadikira akanandikalipirabe kuti ndachedwa.