Achemwali, gitala yoyimbira ndi gitala yogulitsa ndi ziwiri pa boda

Achemwali, mwati inu ndi abambo akunyumba, amene mumayimba limodzi rock ija ya magitala awiri ndi mawu awiri, mukufuna kukayimba ku Harare ndi ku Joni, ndipo mukufunsa momwe ife ageni timawolokera ndi katundu, kuti mwina pobwerera mupikuleko zida zodzagulitsa kuno ulendo udzilipire wokha. Ine geni yanga ndi yomweyo: ndimaoda nsambo za gitala, mawaya, maikofoni ndi timaampu ting'onoting'ono ku Johannesburg. Ndiye khalani pansi.

Njira mukuidziwa kale mwina. Kuchokera ku Blantyre mutulukira pa Mwanza, mulowa Mozambique pa Zobue, muwoloka Zambezi pa Tete, mutuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kenako Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, mpaka basi ikakutulani pa Park Station ku Joni. A ku Lilongwe amadzera pa Dedza. Maboda atatu, aliyense mbali ziwiri, ndiye kutsika kasanu ndi kamodzi popita, kasanu ndi kamodzi pobwera.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Wa kasitomu akaona gitala samva nyimbo ayi. Funso lake ndi limodzi: chinthuchi chikubwerera kwawo kapena chikugulitsidwa? Zoyimbira zanu ndi zida zantchito, zikutuluka ndipo zidzabwerera. Zomwe mwapikula ndi katundu, ndipo katundu amalipira msonkho. Mukangosakaniza ziwirizi, zonse zimasanduka katundu.

Choncho musanachoke panyumba lembani mndandanda wa chilichonse chomwe mukutuluka nacho: dzina la chida, kampani yopanga, serial number, ndi mtengo wake. Nambala ya gitala yamagetsi imakhala kumutu kwake kapena pa kachitsulo kakumbuyo pomwe khosi lalumikizana ndi thupi. Ya ampu imakhala pa kapepala kakumbuyo. Jambulani zonse pa foni. Pa Mwanza pitani nokha kwa a MRA, musadikire kufunsidwa, muwauze kuti izi zikutuluka kwakanthawi, akudindireni. Kutsogoloko muzinenanso chimodzimodzi, kuti zalowa koma zituluka. Pepala limenelo lisungeni pamodzi ndi pasipoti, osati m'chikwama cha gitala chomwe chapita ku trela.

Ndikunena chonchi chifukwa ndinaziona ndi maso. Ulendo wina ndinakwera ndi banja lina loyimba, iwo mpando wakutsogolo kwanga. Mayiyo anakumbatira gitala yake pamiyendo njira yonse ngati khanda, bamboyo akuwodzera atatsamira zenera. Pobwerera tinakumananso m'basi yomweyo. Ku Joni anali atagula magitala awiri atsopano oti adzagulitse, ndipo poopa msonkho anawachotsa m'makatoni n'kuwaika pamodzi ndi awo akale. Pa boda ina wa kasitomu anangoloza kapulasitiki kamene kanali kasanamatulidwe pa gitala imodzi, n'kufunsa pepala la potuluka. Analibe. Anawerengeredwa zonse zinayi, ndi yakale yomwe, yopalika utoto pomwe dzanja limagunda. Ofesala uja sanalakwe. Chomwe chinandipweteka ine n'choti kuyambira pamenepo mpaka pa Wenela awiriwo sanalankhulane. Aliyense ankati mnzake ndiye amayenera kulemba.

Ndiye gwirizanani mukadali kunyumba: wina asunge mapepala, wina asunge ndalama. Ndipo ndalama ya geni isagone m'thumba limodzi ndi ya bandi. Ine mpamba wanga ngakhale amuna anga saukhudza, osati chifukwa chosakhulupirirana, koma mpamba ukangolipira loji usiku umodzi basi wayamba kusungunuka.

Za msonkho. Anthu akuuzani za Simplified Trade Regime ya COMESA, ija yothandiza ageni ang'onoang'ono a katundu wosapitirira madola 2,000. Ndi yabwino, koma ndi ya katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko mwathu muno, ndipo akhale pa mndandanda womwe maiko awiriwo anagwirizana. South Africa sili mu COMESA n'komwe, ndipo magitala ambiri a m'mashopu a ku Joni ndi ochokera ku China kapena ku Indonesia. Amenewo mulipira duty ndi VAT, powerengera mtengo wa pa lisiti. Sungani malisiti enieni. Olembetsa otsika mtengo aja amakupwetekani nokha, pakuti ofesala akakayika amaika mtengo wake, ndipo wake sukhala wotsika.

Mukafuna uphungu wanga, musayambe ndi magitala kapena masipika. Amadya malo, kondakitala amakulipiritsani padera, amasweka mu trela, komanso amakhalitsa asanagulidwe. Yambani ndi nsambo, timapiki, mawaya, malamba a gitala, ndodo za ng'oma. Katundu wokwana m'chikwama chimodzi, ndipo oyimba a m'matchalitchi amafuna nsambo mwezi ndi mwezi. Makasitomala anga okhazikika ndi makwaya, osati mabandi. Inu muli ndi mwayi womwe ine ndilibe: mumadziwa nsambo yabwino mukangoigwira, ndipo anzanu oyimba adzakukhulupirirani.

Mtengo muziuwerengera pa randi yomwe mudzagule ulendo wotsatira, osati yomwe munagula dzulo. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anali atagulitsa pangongole anatolera ndalama zosakwanira kubwereranso. Oyimba anzanu adzati "ndikupatsa shoo ikatha". Akaneni mwaulemu.

Tsopano za kuyimbako, chifukwa apa ambiri amapunthwa. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 ku South Africa popanda visa, koma masiku amenewo ndi ochezera ndi kugula, si ogwirira ntchito. Kuyimba kolipidwa ndi ntchito, ndipo kumafuna chilolezo chake pansi pa Section 11(2) ya malamulo awo olowera m'dziko. Amene wakuitanani akutumizireni kalata, muyambe kuyendetsa zimenezi musananyamuke. Ku Zimbabwe nako wokonza shoo ndiye amakadziwitsa a National Arts Council ndi a imigireshoni. Akakuuzani kuti "ingobwerani, tiona konkuno", dziwani kuti si iye adzagone m'chitokosi. Ndipo masiku 30 aja musapyole ngakhale limodzi. Amakudindani kuti musalowenso kwa chaka kapena kuposerapo, ndiye geni ndi zoyimba zonse zaima.

Zimbale ndi matisheti anu omwe mukagulitse pakhomo la shoo, amenewonso ndi katundu, musawalembe pa mndandanda wa zida. Tengani ochepa, muwanene.

Munatchula Susan Tedeschi ndi Derek Trucks, banja loyimba la ku America lija, kuti mumasirira momwe amayendera. Inde, anakwatirana mu 2001, n'kuphatikiza mabandi awo mu 2010, koma aja amakwera pa siteji anthu khumi ndi awiri ndipo ali ndi owanyamulira zida. Inu pa Beitbridge muli awiriwiri. Akati katundu yense atsike, wina ayime pa magitala, wina akhale pa mzere wa pasipoti, kenako musinthane. Gitala musaipereke ku trela ngati ilibe bokosi lolimba. Ndi bwino kuilipirira mpando. Masulani nsambo pang'ono, kutentha kwa ku Tete si kwamasewera.

Chinanso, mapulagi. Kwathu kuno ndi a mano atatu amakona, ku Joni ndi a mano atatu ozungulira aakulu. Gulani adaputala ziwiri pa Park Station mukangotsika. Ndipo wina akakutsatsani ampu yakale yochokera ku America yotchipa, muitembenuze kaye muwerenge kumbuyo. Ikalembedwa 120V musiyeni nayo, magetsi athu ndi 230.

Mukakonzeka mundiuze, ndili ndi ulendo kumapeto kwa mwezi. Tikhoza kukwera basi imodzi ndikakulozereni mawindo a m'maboda.