Kugona m'chipinda cha anthu 40 muli ndi amuna anu: za ku Camino de Santiago

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leicester, ku England, yofunsa za Camino de Santiago, ulendo wachipembedzo woyenda wapansi kupita kumzinda wa Santiago ku Spain, kumene anthu amakhulupirira kuti kuli manda a Yakobo Woyera. Wandilola kuti ndimuyankhe pano, bola dzina lake lisatuluke. Moni ndi zina ndadula, mtima wa kalatayo ndi uwu:

"Anti, ine ndi abambo akunyumba tikufuna kukayenda Camino de Santiago mwezi wa Meyi, pothokoza Mulungu kuti takwanitsa zaka ziwiri tili pabanja. Ndinawerenga zimene munalemba za nsapato ndi matuza. Koma pali funso limene ndikuchita nalo manyazi. Akuti kogonako amuna ndi akazi amagona chipinda chimodzi. Nanga munthu amavula bwanji? Ndipo ife poti ndife banja, masabata asanu onsewo tizingoyang'anana ngati munthu ndi mlongo wake? Mnzanga wina akuti anthu amangotchinga bedi ndi thaulo n'kupanga zawo. N'zoona? N'zololedwa?"

Achemwali, musachite manyazi. Funso limeneli mabanja ambiri amanyamuka nalo kumtima, n'kukalitulukira ali kale pabedi ya dabulo deka, mutu wa mlendo uli pafupi ndi mapazi awo. Zoti amuna ndi akazi amagona chipinda chimodzi n'zoona. Zoti ena amatchinga thaulo n'zoonanso, ndinazimva ndi makutu angawa. Koma inu musakachite. Tsiku limene mwafunana ndi amuna anu, kalipireni chipinda chanuchanu chokhala ndi chitseko ndi kiyi. Yankho ndi lomweli, zotsalazi ndikungofotokoza chifukwa chake.

Muyambe mwadziwa kaye malowo. Nyumba zogona anthu a ulendowu amazitcha albergue. Zina ndi za khonsolo, zina za tchalitchi, zina za anthu ochita bizinesi. Pofika mumaonetsa credencial, kakhadi kopindapinda kamene amadindamo chidindo paliponse pamene mwagona. Za boma ku Galicia, chigawo chimene kuli Santiago, zimalipitsa ma euro 10 kapena kuyandikira pamenepo. Zina za tchalitchi ndi donativo, mumaponya m'bokosi zimene mtima wanu wakonda. Ndalama imeneyo imakugulirani matiresi amodzi ndi pilo, kwa usiku umodzi. Magetsi amazima cha m'ma 10 koloko, malo ambiri chitseko cha panja amachitseka nthawi yomweyo, ndipo ikamakwana 8 koloko m'mawa woyang'anira, amene amamutcha hospitalero, akufuna nonse mutatuluka kuti akolope.

Mukayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port, tauni ya ku France kufupi ndi malire a Spain, ngati mmene ndinachitira ine, muli ndi makilomita pafupifupi 780 patsogolo panu, ndipo usiku woyamba mutawoloka mapiri a Pyrenees ambiri amagona ku Roncesvalles. Kumeneko kuli mabedi oposa 180, anawagawa m'timagawo ta anthu anayi anayi, topanda zitseko. Kumeneko ndiye kwa mabwana. M'mudzi wa Grañón mumagona pansi pa timatiresi toyalidwa moyandikana m'nyumba yogundana ndi tchalitchi, moti mukatembenuka dzanja limakagwera munthu amene simudziwa ngakhale dziko lakwawo. Malo ena amagundanitsa madabulo deka awiriawiri kuti anthu akwane, ndiye mumapezeka mwagona phewa ndi phewa ndi bambo wa ku Korea amene mwangopatsana naye moni pakhomo. Anthu ndi ochuluka: mu 2024 mokha anthu pafupifupi 500,000 analandira Compostela, chikalata chija amapereka kwa amene wayenda wapansi makilomita 100 omaliza. N'chifukwa chake kuyambira ku Sarria, tauni imene ambiri ofuna makilomita 100 okhawo amayambirako, kumakhala ngati pa depoti tsiku lotsekera sukulu.

Ife kugona mothithikana sitikudabwa nako. Tinagona m'mahositelo a kusekondale, tagonapo m'makalasi pa misonkhano ya amayi a mpingo, ndipo pamaliro timagona mmene tapezera malo. Koma taonani, konseko pamakhala malire amene sitiwatchula n'komwe: amayi m'nyumba ya siwa, abambo panja pamoto. Chimene chimatidzidzimutsa ku Spain si kuchuluka kwa anthu ayi, ndi kusowa kwa malire amenewo. Malo olekanitsa amuna ndi akazi alipo ochepa. Masisitere a Benedictine a ku León amadziwika nako kulekanitsako, ndiye mukakagona kwa iwo musadabwe amuna anu akalozeredwa khomo lina.

Za kuvula n'zosavuta, ndipo apa Mmalawi amawaposa onse, chifukwa ali ndi chitenje. Anzathu aja amalimbana ndi kathaulo kakang'ono ngati mpango wa m'thumba, inu mumangomanga pachifuwa n'kusintha zonse pansi pake mmene tinkachitira kudambo. Ine ndinkalowa kubafa ndi zovala zoti ndivale, n'kutulukamo nditavala kale, ndipo ndinkagona ndi zimene ndiyende nazo mawa lake. Mabafa ambiri ali ndi zitseko kapena makatani, koma kasuzumireni musanavule nsapato, chifukwa alipo ena amene chotchinga chake n'chongoyerekeza. Mukapeza bedi ya pansi, chitenje chomwecho mumachipana pansi pa matiresi a pamwamba n'kukhala katani. Zovala zam'kati ndiye muzolowere: ife anatilanga kuti siziyanikidwa poyera, koma kumeneko chingwe chimadzaza ndi za aliyense ndipo palibe amaziwerenga. Ngati mtima ukukanabe, yanikani n'kuphimba ndi kansalu kopepuka.

Mudzaona agogo aamuna akuyenda m'chipinda ndi kabudula wam'kati yekha, mimba ili pamtunda. Si chipongwe, ndipo sakukuitanani. Paja maso alibe uku n'kwa apongozi, mudzaona ndithu zimene simunafune kuona, koma mumangowabweza msanga n'kuyang'ana chikwama chanu.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mu albergue mulibe khoma lokubisani. Chimene chimakubisani ndi anzanu. Mukamasintha zovala iwo amayang'ana kumbali, mukalira usiku chifukwa mwakumbuka malemu mayi anu amakhala ngati agona, mimba ikakusokonezani m'mawa palibe amene amaitchula. Anthu 40 osadziwana, olankhula zinenero khumi, amagwirizana popanda kukambirana kuti aliyense akhale ngati sakuona ndipo sakumva. Ndi ulemu umene amakubwerekani. Banja limene latchinga thaulo n'kuyamba za kuchipinda limakhala latenga ulemu wobwerekawo n'kuusenzetsa katundu amene eni ake sanavomere.

Usiku wina, pakati pa dera lalikulu lathyathyathya lotchedwa meseta pakati pa Burgos ndi León, ndinapatsidwa bedi ya pamwamba. Pansi panga panali mnyamata, ndipo magetsi atazima mtsikana amene ankayenda naye anatsika pabedi yake n'kudzalowa mwa iye. Anakoleka thaulo, inde. Koma dabulo deka yachitsulo ndi chinthu chimodzi, ya pansi ikagwedezeka ya pamwamba imavina nayo. Ndinangoti chete, maso ali kudenga, ndikudzifunsa kuti nditsike kapena ndikhosomole. Mayi wina wachikulire pabedi yoyandikana anakhosomola kawiri mokweza, iwo anaima pang'ono, kenako anapitiriza. Kotulukira kunalibe, panja kunali kuzizira, ndipo malo okhala anali atazimitsa kale. M'mawa aliyense anamanga nsapato zake osayang'ana mnzake. Awiriwo ndikhulupirira anachoka akuganiza kuti palibe anamva. Tinamva tonse. Ndinayenda tsiku limenelo ndi mutu wolemera, ndipo chimene chinandiwawa si tulo timene ndinataya, koma kuti anandilowetsa m'nkhani yawo osandipempha.

Mwafunsa ngati n'zololedwa. Simudzapeza chikwangwani choletsa pakhoma paliponse, monga mmene simupezera chikwangwani choletsa zimenezi m'minibasi. Koma hospitalero ali ndi mphamvu yokutulutsani anthu akadandaula. Kumbukiraninso kuti m'zipindamo mumagona ana: mabanja amabwera ndi ana awo, ndipo m'makilomita omaliza mumadzaza magulu a ana a sukulu. Malamulo a Spain amalanga munthu wochita zolaula pamaso pa ana, ndipo mumdima simudziwa amene wagona bedi yachitatu kuchokera pa inu. Kubafa ndi kuchimbudzi nakonso ayi. Zimbudzi ziwiri za anthu 40, wina waima pakhomo akuvinavina, inu muli m'katimo awiri?

Sindikunena kuti mukasanduke achibale. Kugwirana manja, kupsompsonana pogona, kusisitana mapazi ndi mafuta madzulo, kunong'onezana pemphero, zonsezi anthu amaziona tsiku ndi tsiku ndipo ena zimawasangalatsa. Pofika muuzeni hospitalero kuti ndinu banja, nthawi zambiri amakupatsani dabulo deka imodzi, wina pansi wina pamwamba, ngakhale malo ena amagawa mabedi motsata mmene anthu afikira ndipo sasintha. Kugona awiri pakabedi kamodzi ndiye sindikulimbikitsani ngakhale mutangofuna kufunditsana. Ndi kopapatiza, ndipo oyandikana nanu sagona, amakhala akudikira kuti kodi ziyamba nthawi yanji.

Njira yake ndi iyi. Masiku anayi kapena asanu alionse, konzani usiku wa awiri. Njirayi imadutsa m'mizinda yeniyeni, Pamplona, Logroño, Burgos, León, Astorga, Ponferrada, ndipo ngakhale m'midzi ing'onoing'ono mumapezeka pensión kapena hostal, nyumba za alendo zotsika mtengo. Ma albergue ambiri a bizinesi alinso ndi zipinda za anthu awiri. Muwerengere bwino: mabedi awiri mu albergue ya bizinesi pa ma euro 15 aliyense ndi 30 kale, ndiye chimene mukuwonjezera kuti mupeze chitseko chanu si chambiri monga mmene chimamvekera. Mawu oti muwasunge ndi awa: cama de matrimonio, kutanthauza bedi imodzi yaikulu ya anthu awiri. Mukangoti habitación doble mukhoza kupeza timabedi tiwiri totalikirana, kabati ili pakati, ndalama zitapita kale. Meyi ndi mwezi wa anthu ambiri, choncho sungitsani malo tsiku limodzi kapena awiri musanafike. Ndipo wina asakunamizeni kuti wogona m'chipinda chake si mlendo weniweni wa Yakobo Woyera. Ofesi ya ku Santiago imayang'ana zidindo, ziwiri patsiku m'makilomita 100 omaliza, sifunsa kuti munagona bedi yotani. Nyumba za alendozo nazonso zimadinda.

Kunena zoona, nkhawa imeneyi imakula muli kunyumba kuposa muli panjira. Munthu amene wayenda makilomita 25 ndi chikwama kumsana, matuza ali kuphazi, mawondo akulira, akafika pabedi chimene amalakalaka ndi tulo. Makolo athu ankadziwa kudika pakakhala mwambo pamudzi, ndipo mabanja sankatha. Komabe mukambirane ndi abambowo musananyamuke, muli pa tebulo lanu ku Leicester, kuti masiku a awiri adzakhala ati ndipo ndalama yake ichokera pati. Nkhani imeneyi siyoyambitsa monong'ona nthawi ya 11 koloko usiku anthu atazungulira.

Pali china chimene simunafunse koma sindingachisiye. Kuyang'ana kumbali kumene ndanena kuja kuli ndi polekezera. Agogo oyenda ndi kabudula ndi nkhani ina, munthu amene akukusuzumirani kubafa, kukujambulani, kukugwirani muli mtulo kapena kudzionetsa maliseche dala ndi nkhani inanso. Ameneyo musamusungire ulemu. Yatsani tochi, kuwani, dzutsani hospitalero. Nambala ya ngozi ku Spain ndi 112, ndipo apolisi a kumeneko ali ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa AlertCops imene mungaike musananyamuke. Ife tinaleredwa kuti kwa eni sukweza mawu, ndipo mkazi wakuda amene ali yekha m'chipinda cha azungu amayamba wadzikayikira kuti mwina ndaona molakwa. Simunaone molakwa. Ambiri m'chipindamo adzaima nanu.

Inunso samalani ndi foni yanu. Ndikudziwa mmene timachitira, kuimbira a kumudzi pa WhatsApp n'kuzunguliza kamera kuti "taonani kumene tagona lero". Kumbuyo kwanuko kuli mayi wa eni akuvala. Kaimbireni panja.

M'chikwama muikemo zitenje ziwiri, china chosambira china chotchingira, zopanira zovala zingapo, ndi totseka m'makutu tambiri ndithu, chifukwa timatayika. Ndipo ngati abambo akunyumbawo amaliza mkonono, ndiuzeni msanga. Pamenepo masiku a chipinda cha awiri tiwachulukitse, pochitira chifundo anthu 38 enawo.