Doctor Destroyer mu Freedom City: konzani kaye mbiri, manambala abwera

Achimwene, funso lanu lamveka. Gulu lanu limasewera Mutants & Masterminds mu mzinda wopeka wa Freedom City, mwapeza mabuku a masewero ena otchedwa Champions ndipo mwakopeka ndi chigawenga Doctor Destroyer ndi gulu lachiwembu la VIPER, komanso mukufuna kutapako zina za ku Halcyon City, mzinda wa mu masewero a Masks. Onsewa ndi masewero a pa tebulo amene osewera amakhala ma superhero m'dziko lopeka. Mukufunsa ngati zimenezi zingakhale pa dziko limodzi, ndiponso manambala a mphamvu za anthu ake muwasinthe bwanji. Zimatheka ndithu, ndipo zikagwirana zimakoma kwambiri. Koma manambalawo ayambe adikira. Chimene chimasokoneza tebulo msanga ndi mbiri za maiko awiriwo zikayamba kutsutsana osewera akuona.

Taonani apa. Mu Champions, Doctor Destroyer anaphwasula mzinda wa Detroit mu 1992, ngwazi zambiri zinafera pomwepo, ndipo pa mabwinja akewo ndi pamene anamangapo Millennium City. Ku Freedom City nako, Centurion, ngwazi yaikulu ya mzindawo, anafa mu 1993 polimbana ndi chigawenga Omega pa nkhondo ya Terminus Invasion. Mukangoziika pa dziko limodzi, wosewera watcheru adzakufunsani masewero ali mkati: "Nanga Detroit ikupsa, Centurion anali kuti? Gulu lake la Freedom League linali m'tulo?" Mukayamba kukanda m'mutu pamenepo, osewera amasiya kukhulupirira dzikolo, ndipo kuti ayambirenso kulikhulupirira pamafunika ntchito.

Ndiye yankho likonzeni musanakhale pa tebulo. Ine ndikanakhala inu ndikanalumikiza zaka ziwirizo. Izi sizili m'buku lililonse, ndi maganizo anga chabe: Centurion anapitadi ku Detroit, anamenya nkhondo, anabwerako atavulala ndipo anzake ambiri atatha. Omega anaona kuti dziko lafooka, n'chifukwa chake anabwera chaka chotsatira. Basi, Doctor Destroyer salinso mlendo wochokera m'buku lina. Ndi munthu amene anthu a ku Freedom City amamuda kuchokera pansi pa mtima, chifukwa amati imfa ya Centurion inayambira kwa iye. Dzina lake likangotchulidwa pa wailesi m'masewero anu, osewera adzakhala tsonga.

Vuto lachiwiri ndi la maudindo obwerezabwereza. Maiko onsewa anamangidwa potengera nthano za ma superhero za ku America, choncho lililonse lili ndi chigawenga chovala zachitsulo chofuna kulamulira dziko, gulu lachinsinsi la asilikali ambirimbiri, loboti yoopsa, bungwe la boma ndi ndende ya anthu amphamvu. Freedom City ili ndi Overshadow ndi gulu lake la SHADOW; Champions ili ndi Destroyer ndi VIPER. Kuno kuli loboti Talos, uko kuli Mechanon. Kuno bungwe la AEGIS, uko PRIMUS ndi UNTIL. Kuno ndende ya Blackstone, uko Stronghold. Mukazitenga zonse, dziko limadzaza mpaka osewera osadziwa woti amuope. Paja akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Overshadow ndi Destroyer onse mizu yawo ili ku Germany ya chipani cha Nazi, onse amadziona kuti dziko ndi lawo. Sankhani mmodzi akhale pampando. Winayo mwina anafa, mwina akubisala, kapena, chimene ine ndimachikonda kwambiri, awiriwo ali pa nkhondo ndipo osewera anu apezeka pakati. SHADOW ndi VIPER atha kukhala onse mukawagawira ntchito: VIPER ikhale ya ndalama, kuba ndi kugulitsa zida kudzera m'timagulu take ta m'mizinda, SHADOW ikhale ya ndale ndi matsenga akale. Za mabungwe a boma n'zosavuta. AEGIS itenge malo a PRIMUS mkati mwa America, UNTIL isungeni chifukwa ndi ya United Nations, idzakuthandizani tsiku limene osewera adzatuluke kunja kwa dzikolo.

Mwamwayi, Halcyon City nayo ili ndi bungwe lotchedwa A.E.G.I.S. Ingonenani kuti ndi lomwelo, nkhani yatha.

Tsopano manambala. Malamulo akhale amodzi, a Mutants & Masterminds amene gulu lanu likuwadziwa kale. Musayese kusintha character sheet (pepala la manambala a munthu) ya Champions mzere ndi mzere, mudzatopa pachabe. Masewero awiriwa amaganiza mosiyana. Mu Champions mumaponya madayisi atatu (3d6) kuti mumenye, kenako madayisi odzaza manja kuti muone kuvulala, ndipo turn imagawidwa zigawo 12 moti wa liwiro (SPD) 6 amachita kasanu ndi kamodzi pamene munthu wamba wa SPD 2 amachita kawiri. Mu Mutants & Masterminds dayisi ndi imodzi, ya mbali 20 (d20), aliyense amachita kamodzi pa round, ndipo womenyedwa amaponya Toughness (kulimba kwa thupi) kulimbana ndi 15 kuphatikiza rank (mphamvu) ya nkhonyayo. Palibe masamu amene angalumikize ziwirizi bwinobwino.

Chitani izi m'malo mwake. Tsekani buku la Champions, mudzifunse mafunso atatu: munthuyu akufuna chiyani, amadziwika ndi mphamvu ziti ziwiri kapena zitatu, ndipo poyerekeza ndi osewera anga ali pati? Funso lachitatuli ndi limene limakupatsani Power Level (PL), muyeso wa mphamvu za munthu. Ngati osewera ali pa PL 10, msilikali wa VIPER akhale minion wa PL 4 kapena 5, wogwa ndi nkhonya imodzi yabwino. Chigawenga cholimbana ndi ngwazi imodzi chikhale 10 kapena 11. Destroyer, amene ayenera kuimitsa gulu lonse yekha, ndingamuike cha pa 15 kupita m'mwamba. Kenako tengani archetype ya Battlesuit (chitsanzo cha munthu wovala zachitsulo) imene ili kale m'buku, ikwezeni, musaiwale lamulo lakuti attack ndi rank zikaphatikizidwa zisapitirire PL kuchulukitsa kawiri, chimodzimodzinso Dodge ndi Toughness. SPD yake yaikuluyo isiyeni. Mukafuna kuti aoneke kuti ali patsogolo pa onse, mulekeni achite chinthu chosayembekezeka, monga kutulukira kuti amene amumenyayo anali loboti yofanana naye, inu n'kupereka hero point (mphoto yowathandiza akadzapanikizika) kwa osewera. Zofooka zake zolembedwa mu Champions, makamaka kudzikuza kwake, zisandutseni Complications (zovuta zimene zimamutsata munthu m'nkhani) ndipo muzisewere moona. Destroyer amene sayima kuti anyoze ngwazi zimene zagwa pamapazi ake si Destroyer.

Za Masks n'zina. Kumeneko manambala oti musinthe ndi ochepa, chifukwa mtima wa masewero aja ndi achinyamata amene akuluakulu akuwauza kuti iwo ndi ndani. Tengani mtimawo. Freedom City ili kale ndi sukulu ya ngwazi zachinyamata ya Claremont Academy, choncho malo alipo. Wosewera aliyense alembe dzina la wamkulu mmodzi amene mawu ake amamulasa, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi bambo ake amene anali ngwazi kale. Wamkuluyo akamudzudzula pagulu, mnyamatayo n'kuchita zinthu mopsa mtima kapena mwamantha, mupatseni hero point. Mwatenga Influence, lamulo la Masks la mphamvu ya mawu a ena, popanda kubweretsa madayisi ake awiri (2d6) pa tebulo.

Chenjezo limodzi, poti chilakolako chosakaniza chikayamba sichimva kukhuta: si dziko lililonse limene lingalowe. Nkhani ya masewero a Aberrant, mwachitsanzo, yonse yatsamira pa mfundo yakuti ma nova, anthu amphamvu zodabwitsa, anayamba kuonekera mu 1998, siteshoni ya Galatea itaphulika mumlengalenga, dziko lisanaonepo zotere. Freedom City inali ndi gulu la ngwazi la Liberty League kuyambira pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mukaziphatikiza, mantha ndi kudabwa kumene kumapatsa Aberrant mphamvu kumatheratu. Zoterezo zisiyeni zikhale dziko lina loyandikana, poti Freedom City imalola kale maiko otero, osewera akapiteko ulendo umodzi n'kubwerako.

Lembani tsamba limodzi lokha la zaka zikuluzikulu ndi maina a mabungwe amene mwasunga, mulitumize pa WhatsApp ya gulu lanu masewero asanayambe, ndipo muwauze poyera kuti buku likatsutsana ndi tsambalo, tsamba ndi limene lapambana. Poyambira ingolowetsani kagulu kamodzi ka VIPER padoko la Freedom City, dzina la Destroyer lizingomveka patali. Mukalikonza tsambalo liponyeni muno tilione, makamaka mmene mwathetsera za 1992 zija.