Kwa achimwene ofunsa za mfuti ya nkhandwe: ine ndili pa .223

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati muli pa famu ya nkhosa cha ku Beaufort West ku South Africa, nkhandwe zikutha ana a nkhosa, ndipo abwana anu akufuna kugula mfuti koma sakudziwa chotenga pakati pa mfuti za zipolopolo za .223, .22-250 ndi .243. Ine ntchito yanga ndi yomweyo ya nkhosa kuno ku Karoo, ndipo usiku ndimayenda ndi alenje a nkhandwe, nthawi zina ndili pa chiwongolero, nthawi zina pa tochi. Ndiye ndiyankha mosazungulira: auzeni atenge .223 Remington, aziyikamo zipolopolo zolemera magreni 50 kapena 55 (greni ndi muyezo wa kulemera kwa chipolopolo) zija zili ndi kansonga ka pulasitiki. Anzathu ena amene akuyankhani akukuwira .22-250, ndipo zimene akunena za liwiro lake n'zoona. Kungoti liwiro si limene limapha nkhandwe zambiri usiku.

Ndisanafike kumeneko, pali nkhani ya lamulo imene ikukhudza inuyo mwini. Lamulo la mfuti la ku South Africa, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limapereka laisensi kwa nzika kapena kwa munthu amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikoli mpaka kalekale. Ambirife tilibe chimenecho. Chimene lamulo limalola n'chakuti mwini laisensi, wa zaka 21 kapena kuposerapo, akhoza kukubwerekani mfuti yake iye ali pomwepo akukuyang'anirani. Akakupatsani mfuti n'kunena kuti pita wekha kumsasa wa nkhosa, kanani mwaulemu, chifukwa apolisi akakupezani woyamba kumangidwa ndinu. Komanso kusaka usiku ndi tochi kumafuna chilolezo cha boma la chigawo, ndipo kwanuko ku Western Cape opereka ndi a CapeNature. Abwanawo akonze mapepala amenewa kaye.

Tsopano taganizirani mmene ntchitoyi imachitikira. Mumasankha usiku wopanda mwezi. Mumayimika bakkie, galimoto ya pikapu ija, pamalo okwererapo, mphepo ikuwomba kumaso kwanu, n'kukayika kasipika patsogolo mamita makumi angapo. Kasipikako kamalira ngati kalulu wogwidwa, kapena ngati nkhandwe ina yalowa m'dera la eni ake. Kenako mumakhala chete, tochi yofiira ikuyenda pang'onopang'ono. Chimene mumayamba kuona ndi timaso tiwiri tikunyezimira pakati pa titchire, tikubwera, tikuzimirira, tikutulukiranso pena. Nkhandwe sibwera molunjika. Imazungulira kuti ikafike kumene mphepo ikupita, inunkhize kaye. Ikangomva fungo la munthu kapena la dizilo, yapita, ndipo kulira komweko sikudzayinamizanso. Ndiye mphindi yowombera ndi yochepa kwambiri, pamene yaima kuti imvetsere, ndipo nthawi zambiri imakhala pa mtunda wa pakati pa mamita 80 ndi 200. Kupitirira apo, usiku, simungathe n'komwe kutsimikiza kuti chimene mukuonacho n'chiyani.

Pa mtunda umenewu .223 ilibe chosowa. Nkhandwe ya msana wakuda ya kuno ndi kanyama ka makilogalamu 6 mpaka 13 basi, ndipo malo oyenera kulasa pachifuwa ndi aakulu ngati mbale ya ndiwo. Chipolopolo cha magreni 55, chomwe ndi magalamu atatu ndi theka, chimatuluka mu .223 pa liwiro la mamita pafupifupi 990 pa sekondi. Mukayika sikopu, kagalasi kolozera ka pamwamba pa mfuti, kuti izilasa ndendende pa mamita 200, mumangoloza pakati pa chifuwa kuyambira pafupi mpaka pamenepo, osawerengera chilichonse. .22-250 imaponya chipolopolo chomwecho pa mamita pafupifupi 1,120 pa sekondi. Kusiyanako kumayamba kuoneka bwino pa mamita 300, pomwe cha .223 chimakhala chitatsika masentimita oposa pang'ono 20 ndipo cha .22-250 cha m'ma 15. Pa mamita 150 nkhandwe singasiyanitse.

Chimene ndimakondera .223 kwenikweni ndi ichi. Nkhandwe zimakhala ziwiriziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndipo nthawi zambiri zimabwera limodzi, ina patsogolo ina m'mbuyo. Mfuti ya .223 yokhala ndi sailensa, chochepetsa phokoso chija, sigunda paphewa mpaka kukuchotsani diso pa sikopu. Mumaona chipolopolo chikufika, mumaona ngati nyama yagwa kapena yathawa ndi bala, ndipo mumakhala mwakonzeka kale pa yachiwiri. Ndaonapo mlenje wa .243 akuwombera, mfuti n'kudumpha, pobwezera diso pa sikopu kutsogolo kuli fumbi lokhalokha, ndipo tonse tinatsika ndi matochi kukafufuza ngati yagwa. Nthawi imeneyo mnzake wa nkhandweyo anali atapita kale ndi phunziro lake. Nkhandwe yophonyedwa kapena yoona mnzake akugwa ndiyo imadzavuta chaka chonse. Masailensa kuno ndi ololedwa, safuna laisensi yapadera, ndiye abwana asaumire pamenepo. Amatetezanso makutu a inu amene mwagwira tochi pambali pa mfuti.

Chachiwiri ndi thumba. .223 ndi mbale wake wa chipolopolo cha asilikali cha 5.56, ndipo inayamba kugulitsidwa kwa alenje m'zaka za m'ma 1960. Chifukwa chopangidwa chochuluka padziko lonse, mtengo wake ndi wotsikirapo ndipo m'mashopu a mfuti a m'matauni aang'ono mumachipeza. Zimenezi zikutanthauza kuti munthu amatha kuyeserera kawirikawiri osamva kuwawa, ndipo kuyesererako ndiko kumasiyanitsa alenje. Mpope wa mfuti nawo umakhalitsa. .223 imatentha wonga wa magreni cha m'ma 25 pa kuwomba kumodzi, pomwe .22-250 imatentha oposa 35 kudzera pa kabowo kofanana kukula kwake. Moto wonsewo umadya pakhosi pa mpope, ndipo m'kupita kwa nthawi mfuti imayamba kumwaza. Ya .22-250 imafika pamenepo msanga kwambiri kuposa ya .223, makamaka kwa munthu wokonda kuwomba motsatizana mpope uli wotentha.

Sindikunyoza .22-250 ayi. Ndi chipolopolo chakale cholemekezeka. Alenje a ku America anachipanga okha m'zaka za m'ma 1930 pochepetsa khosi la chipolopolo cha .250-3000 Savage, ndipo a Remington anachitenga n'kuyamba kuchigulitsa mu 1965. Kwawoko amachikonda pa nkhandwe zawo zija amati coyote, zomwe ndi zazikulupo kuposa zathu, m'zigwa zopanda mtengo. Kunonso chili ndi malo ake. Ngati abwana anu amakonda kukhala pa kaphiri m'mamawa dzuwa likutuluka, kudikira nkhandwe yochenjera imene imaima pa mamita 300 kapena 350 osasendera, pamenepo .22-250 imaposa .223 mosakayikitsa, ndipo mphepo ya ku Karoo siikankha kwambiri chifukwa chipolopolo chimafika msanga. Koma funsani kuti pa nkhandwe khumi zilizonse, ndi zingati zimene adzawombera motero. Pa mafamu ambiri amene ndikuwadziwa ntchito yaikulu ndi ya usiku.

.243 Winchester ndi nkhani ina. Inatuluka mu 1955, yochokera ku .308, ndipo ubwino wake ndi wakuti imagwira ntchito ziwiri. Ndi chipolopolo chopepuka imapha nkhandwe kutali ndithu, ndipo ndi cha magreni 100 imagwetsa springbok (mtundu wa gwape) ya ndiwo ngakhalenso njiri, zija zimakumba pansi pa waya n'kutsegulira nkhandwe njira. Kuno mfuti iliyonse imafuna laisensi yakeyake, kudikira kwake ndi kwa miyezi, ndipo mlenje wamba saloledwa kupitirira mfuti zinayi. Choncho ngati pa famupo palibe mfuti ina iliyonse ndipo akufuna imodzi yokha ya zonse, ndingawauze kuti atenge .243, sindingatsutse. Koma alimi ambiri a ku Karoo ali nayo kale mfuti ya nyama m'kabati yachitsulo yosungira mfuti, kaya .270, .308 kapena .30-06. Ngati ndi choncho, .243 ikungobwereza ntchito ya mfuti imene ilipo, n'kusiya ntchito ya usiku ilibe mwini wake weniweni.

Wina watchula .17 HMR. Kamfuti kokoma kwambiri pa mbira za m'miyala ndi akhwangwala, koma kachipolopolo kake ndi ka magreni 17 okha ndipo mphepo imakasewera. Pa nkhandwe kamavulaza kambiri kuposa kupha, ndipo nyama yothawa ndi bala kukafera kutchire masiku atatu si chinthu chimene munthu woweta ziweto ayenera kuchivomereza. .204 Ruger ya mu 2004 ndi yothamanga zedi, imadutsa mamita 1,200 pa sekondi, koma zipolopolo zake muzikazifuna ku tauni yaikulu. .222 Remington ya mu 1950 akaipeza yogwiritsidwapo kale pa mtengo wabwino asaikane, imasiyana pang'ono chabe ndi .223 ndipo imalasa molunjika modabwitsa.

Pogula .223 ayang'ane zinthu ziwiri. Choyamba ndi mizere ya m'kati mwa mpope imene imazunguza chipolopolo. Mfuti zambiri zakale zimalembedwa 1:12, kutanthauza kuzungulira kamodzi pa mainchesi 12, ndipo zimenezi zimayenda bwino ndi zipolopolo zofika magreni 55. Mukayikamo zolemera za magreni 69 kapena 75 sizikhazikika, zimafika pa pepala chammbali. Zatsopano zambiri, monga za Tikka ndi Howa, zimapezekanso ndi 1:8 kapena 1:9, zomwe zimalandira zopepuka ndi zolemera zomwe. Pa nkhandwe zonsezi zikwanira, bola agule zipolopolo zogwirizana ndi mpope wawo. Chachiwiri, asanyengeke ndi zipolopolo zotsika mtengo za mtundu wa asilikali zokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga. Zimenezo zimaboola nkhandwe n'kutulukira kwina osaphulika, nyama imathawa, ndipo chipolopolocho chikagunda mwala chimanjanja n'kupita kumene simukudziwa. Usiku, m'msasa muli nkhosa, mwina kuseri kuli nyumba za anzathu ogwira ntchito, zimenezo n'zoopsa. Cha kansonga ka pulasitiki, monga V-Max ya a Hornady, chimasweka chikangolowa ndipo chikagunda pansi nthawi zambiri chimathera pomwepo. Ndiponso mfuti yolembedwa .223 Rem musamayikemo zolembedwa 5.56, mphamvu yake m'kati imatha kukwera kuposa mmene mfutiyo inapangidwira.

Pali china chimene chimandipweteka mtima, ndipo poti inu ndi amene mudzagwire tochi, chili m'manja mwanu. Si maso onse onyezimira amene ali a nkhandwe. Ku kasipika kumabweranso bakoorjakkals, kankhandwe ka makutu akuluakulu kamene chakudya chake chachikulu ndi chiswe. Kumabwera aardwolf, kafisi kamizeremizere kodyanso chiswe, kamene mano ake sangathe n'komwe kutafuna nyama bwinobwino. Tinyama timeneti sitigwira nkhosa, ndipo timathandiza msipu. Komabe timafa tambiri chifukwa cha alenje owombera maso okha. Musalole mfuti kulira musanaone thupi lonse: msana wakuda wa mathothomathotho oyera, m'mbali mofiirira, makutu osongoka, mchira wa nsonga yakuda. Ngati simukuona bwino, nenani kuti dikirani, ngakhale abwana akhale atapsa mtima. Apanso .223 imathandiza mwanjira ina, chifukwa munthu amene akudziwa kuti mfuti yake ndi ya mamita 200 amadikira nyama isendere, pomwe wa mfuti yothamanga amakopeka kuyesa mwayi pa timaso ta kutali.

Muyambenso mwaona mitembo ya ana a nkhosawo musananene kuti ndi nkhandwe. Nkhandwe imagwira pakhosi, n'kutsegula m'mbali mwa mimba pakati pa nthiti ndi ntchafu, kudya zam'kati zofewa. Rooikat, mphaka wamkulu wofiira uja, amasiya zikhadabo pakhungu, amazula ubweya, ndipo amakonda nyama ya m'kati mwa ntchafu zakumbuyo. Agalu osokera amangong'amba paliponse, nkhosa zingapo usiku umodzi, osadya n'komwe. Ndipo mwana wa nkhosa wobadwa wakufa amene nkhandwe yangomupeza sakhala ndi magazi oundana pansi pa khungu la pakhosi. Sendani khungu la pakhosipo ndi mpeni, muona. Izi zikuuzani chimene mukusaka ndi msasa umene muyenera kukhalira. .223 yomweyo imakwanira pa rooikat, koma nayenso ali ndi chilolezo chake. Kupha nkhandwe iliyonse imene mwaiona sikuthetsa vuto, chifukwa dera likasowa eni ake zina zazing'ono zimalowamo kuchokera ku mafamu oyandikana nawo. Waya wotchinga nkhandwe uyenera kuyenderedwa, mabowo a njiri ndi nungu kutsekedwa ndi miyala, makamaka kuyambira August mpaka October pamene nkhandwe zili ndi ana kudzenje ndipo zikufuna nyama yambiri.

Ndalama zimene apulumutse posankha .223 aziyike pa sikopu yabwino yolowetsa kuwala kokwanira, chifukwa usiku sikopu yotchipa imachititsa khungu. Akamakonza sikopuyo pa pepala, sailensa ikhale ili pamfuti, poti ikavulidwa kapena kuvekedwa malo olasa amasuntha. Ndipo akapeza mtundu wa zipolopolo umene mfutiyo yaukonda, agule mabokosi angapo a mtundu womwewo nthawi imodzi, kungokumbukira kuti lamulo limalola zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse kwa amene sanalembetse ngati mlenje wokhazikika.