Amphaka anga ankagona mulu umodzi, lero akulusirana, chavuta nchani?

Mayi wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, wanditumizira imelo sabata yathayi ndiye ndati ndingoyankha pompano poti enanso munandifunsapo zofanana. Akuti ali ndi amphaka atatu otola, awiri anawapeza kuseri kwa mashopu ali tiana, wachitatu anangobwera yekha ali wamkulu kale. Awiri aja ankagona limodzi kumanyambitana, koma atapita naye mmodzi kwa dokotala wa ziweto kukamufula, pobwera mnzake uja anamulusira ngati sanamuonepo. Ndiye akufunsa kuti kodi chikondi chija chinali chabodza, nanga wachitatuyu wokhala payekha ndiye kuti amadana nawo anzakewo?

Achemwali, mtima m'malo, sichinali chabodza ayi. Nkhani yagona pa fungo. Ife timazindikirana ndi nkhope, mphaka amadalira kwambiri mphuno. M'masaya mwake, pachibwano, pamphumi ndi potulukira mchira pali tinthu totulutsa fungo, ndiye mukaona akudzikhula pa mnzake, pa mwendo wa tebulo kapena pa miyendo yanu, akupakana fungolo mpaka nyumba yonse imakhala ndi fungo limodzi lapabanja. Tsono wanuyo wabwera kuchipatala akununkha mankhwala, manja a anthu achilendo, mwinanso agalu amene anali nawo pa mzere. Kwa mnzakeyo ameneyu ndi mlendo basi, walowa m'nyumba popanda odi.

Zinandichitikirapo ine kuno ku Highfield. Ndili ndi awiri, Matemba ndi Kachewere, Matemba ndinamutola cha ku Mbare Musika ali kakang'ono kokwana m'dzanja, maso ali manthongo okhaokha, Kachewere anatulukira mu dreni nthawi yamvula patapita miyezi ingapo. Si apachibale koma mu Juni kukazizira mumawapeza apiringizana pa bulangete langa mutu wa uyu pamimba pa uyu osadziwika mchirawu ndi wa ndani. Tsiku lomwe Kachewere anabwera kuchokera kokatseketsa, Matemba anafufuma ubweya, makutu chagada, fuuu! Ine kukhumudwa zedi, mpaka ndinamukalipira ngati munthu kkkk. Ndinachita kumutsekera wodwalayo kuchipinda masiku awiri, ndikutenga kansalu kofewa kupukuta masaya a Matemba kenako kupukutira Kachewere, mabulangete awonso ndinkawasinthanitsa. Tsiku lachitatu ndinatsegula chitseko pang'ono, ananunkhizana mphuno, madzulo ake ndinapeza Matemba akumunyambita kukhutu ngati palibe chinachitika. Ena zimawatengera sabata kapena kupitirira, musawakakamize, komanso wa bala uja asamanyambitidwe pa balapo.

Kunyambitanako kuyang'anitsitseni bwino, nthawi zambiri kumakhala pamutu ndi pakhosi, malo amene mphaka savutika kudzikanda koma lilime lake silifikapo. Ndipo si nthawi zonse zimathera bwino, wonyambitayo amatha kumaliza ndi kaluma pang'ono kapena kambama, makamaka akafuna malo amene mnzakeyo wagona. Zimenezo nzapachiweniweni. Chizindikiro china ndi mchira, akamakumana mchira uli chilili m'mwamba ndiye kuti akupatsana moni wamtendere. Ndewu yeniyeni simungaisokoneze ndi masewera, pamakhala kukuwa, ubweya kuuluka, wina kubisala pansi pa bedi osadya.

Za wachitatuyo, musiyeni. Kamphaka kamazolowera anthu mosavuta kakagwidwagwidwa pakati pa masabata 2 ndi 7 kabadwire, ndiye amene wakulira m'misewu mpaka kukula amakhala wochenjera, wamantha, sakhulupirira msanga. Amphaka akutchire kapena am'misika amene amakhala pagulu kawirikawiri amakhala aakazi apachibale, amayi ndi ana awo, mpaka amayamwitsirana ana. Wobwera amatenga nthawi kulandiridwa, enanso salowa n'komwe mu gulu, amangogawana nyumba ngati maloja, uyu chipinda chake uyu chake, moni wa patali. Ngati akudya, akugona momasuka, akudutsana pakhonde popanda kuthamangitsana, ameneyo ali bwinobwino.

Chimene chimayambanitsa amphaka ambiri m'nyumba ndi kulimbirana zinthu. Mbale imodzi amphaka atatu ayi, aliyense yake ndipo muziike motalikirana, wamanthayo mungamuikire pamwamba pa kabati kapena pa windo. Mabokosi a mchenga ochitiramo chimbudzi akhale ochuluka kuposa amphakawo ndi limodzi, inu ndiye anayi, ndikudziwa nyumba zathu zam'malokeshoni nzothina koma ngakhale mabeseni akale amagwira ntchito. Makatoni opanda kanthu aja musataye, ndi nyumba zobisalamo.

Ndipo mwachita bwino kumufula, enawonso apite. Kamphaka kakakazi kamatha kutenga bere kali ndi miyezi 4 yokha, bere lake ndi la masiku pafupifupi 63 basi, mukazengereza chaka chisanathe mudzakhala ndi khola. Ofulidwa samenyanamenyana komanso sayendayenda usiku. Funsani ku SPCA, bungwe loteteza ziweto, za kufula ndi katemera wa chiwewe, ameneyo ngofunika kwambiri kwa mphaka wotola. Ulendo winawo ngati mungathe apite onse awiri okondanawo tsiku limodzi, abwere akununkha zofanana.

Mwatchulanso kumapeto kuti apongozi anu akuti mphaka wobwera yekha pakhomo ngotumidwa. Aaa, agogo anga ochokera ku Dedza ankanenanso zomwezo, chona wakuda akadutsa ankalavula malovu. Koma makoswe atatha m'khichini ndi iwo omwe anayamba kumusungira mitu ya kapenta pa kambale, akumutchula kuti mdzukulu.