Sipuleya ikudontha: ndikonzetse kapena ndigule ina?

Mlimi wina wa thonje ku Balaka wafunsa kuti: "Alangizi, sipuleya yanga yobereka ya malita 16 yatha zaka zisanu. Pano ikudontha ndipo siponya bwino mankhwala. Ndikonzetse kapena ndigule yatsopano?"

Bambo, musanatulutse ndalama, itsukeni bwino, muthiremo madzi okhaokha, muiike pabwalo masana n'kuyamba kupopa. Onetsetsani pomwe madziwo akutulukira.

Ngati akudontha pa nozo (kamlomo kotulukira mankhwala), pogwirira kapena pomwe paipi yalumikizana ndi thanki, vuto ndi timarabala tamkati, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa sipuleya yatsopano. Mkono wopopera ukamangotsika wopanda mphamvu, nthawi zambiri yatha ndi rabala ya m'pampu. Sinthani.

Nozo ndiye imatha mwakachetechete. Kabowo kamakula pang'onopang'ono, mankhwala n'kumatuluka ngati mvula m'malo mwa nkhungu, botolo lomwe linkakwana ekala yonse n'kuthera pakati pa munda. Ambirife timakakulitsa tokha potokosa ndi waya kapena singano. Ikatsekeka, iviikeni m'madzi, muitsuke ndi kamswachi kakale. Kupemerera ndi pakamwa ayi ndithu.

Koma ngati yang'aluka ndi thanki, pamenepo sindikunyengererani: gulani ina. Ndaonapo alimi akumata mng'alu ndi pulasitiki wosungunula pamoto, ena ndi phula. Zimagwira masiku awiri kapena atatu. Kenako dzuwa likaswa mtengo, mng'alu uja umatseguka, mankhwala n'kumayenderera pamsana, malaya onse kunyowa, munthu akuyesa thukuta. Khungu limamwa poizoniyo, ndipo madzulo mumamva mutu, chizungulire ndi nseru. Zimandiwawa kwambiri ndikaona mwana atabereka sipuleya yotereyi. Chotsanipo paipi, ndodo ndi malamba kuti zidzathandize mtsogolo, thankiyo muiboole pansi kuti wina asadzatungiremo madzi akumwa.

Pogula, funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti, "Nanga nozo ndi marabala ake muli nazo?" Akayamba kukanda m'mutu, pitani pena, ngakhale mtengo wake ukhale wotsika. Gulani mukangogulitsa thonje, ndalama zili m'manja, osadikira Januwale pomwe mbozi zalowa kale m'munda ndipo aliyense akuthamangira kusitolo. Ngati simungathe nokha, sonkhani pa kalabu, koma mugwirizane kuti wobwereka aliyense aziibweza ataitsuka katatu, makamaka akapopera mankhwala opha udzu, chifukwa otsalira ake amatha kuwotcha thonje la mnzake.