Yambani ndi limu, ekiselo ibwere pambuyo

Achimwene, musapereke kaye ndalama kwa wowotcherera amene akukupangirani ngolo yokoka ndi galimotoyo. Maganizo anu oti ngolo iyendere malimu ofanana ndi a Hilux yanu, kuti sipeya imodzi izigwira konsekonse, ndi abwino kwabasi, koma pomwepo ndi pomwe anthu akupwetekeka kuno ku Mzuzu, ndipo nkhani yake imanditentha mtima. Wina muno wayankha kuti "bola mabowo akhale sikisi". Ayi bwana, si choncho.

Chotsani sipeyayo, mupite nayo komwe mukukagula habu, chitsulo chozungulira chomwe limu imamangidwapo. Osayeza pa foni. Choyamba ndi PCD, kutanthauza kukula kwa mzere wozungulira womwe masitadi, mabawuti omangirapo limu aja, akhalapo. Hilux ya 4x4, Hardbody, Ranger ndi Isuzu KB zonse ndi 6x139.7, ndiye kuti masitadi 6, PCD 139.7 mm. Koma Navara D40 nayo ili ndi mabowo sikisi pomwe PCD yake ndi 114.3, limu yake singalowe pa habu ya Hilux ngakhale mutapemphera usiku wonse. Hilux zakale za 2WD zambiri ndi 5x114.3, ndiye werengani masitadi a galimoto yanu, musangomvera dzina. Probox, Vitz ndi Corolla zakale ndi 4x100. Land Cruiser 79 ndi 5x150. Masitadi akakhala 4 kapena 6, yezani kuchoka pakati pa bowo kufika pakati pa bowo loyang'anizana nalo, nambala yatulukayo ndiye PCD. Akakhala 5 palibe loyang'anizana, ndiye yezani mabowo awiri oyandikana n'kuchulukitsa ndi 1.701. Mukapeza 67.2 mm ndiye 114.3, mukapeza 65.8 mm ndiye 112 ya ma Benz ndi ma VW. Mwaona kusiyana kwake? Sikukwana ndi mamilimita awiri omwe. Ndi tepi ya amisiri a nyumba simungakuone, pamafunika vernier, kachipangizo koyezera ndi tizigawo ta milimita tomwe.

Chachiwiri, chomwe ambiri amaiwala, ndi bowo lapakati pa limu. La Hilux ndi 106.1 mm, la Ranger ndi 93.1 mm. PCD imodzi, koma limu ya Ranger pa habu ya Hilux siyikhala pansi, imatsamira pa mutu wa habu. Inu muli ndi mwayi chifukwa bowo la Hilux ndi lalikulu, komabe yesani: limu ikhale phwa pa habu manati musanamange, osatsala mpata ngakhale wolowa pepala. Chachitatu ndi mazinga a masitadi. Toyota zambiri ndi M12x1.5, Nissan ndi M12x1.25. Nati ya Nissan pa sitadi ya Toyota imalowa pang'ono n'kulimba, munthu wosadziwa amati yagwira, chonsecho yadya mazinga. Komanso malimu achitsulo amafuna nati yosongoka kumutu, pomwe malimu a aluminiyamu obwera ndi Toyota amafuna nati yafulati yokhala ndi washala. Mukasakaniza, tayala silikhala pakati.

Tsono apa ndi pomwe amisiri ena amandinyansa. Habu ikapanda kugwirizana ndi limu sakuuzani. Amatenga tupa kapena dirilo n'kukuza mabowo a limu, bowo lapakati n'kulidya ndi moto wa gasi, kenako penti wakuda pamwamba, mwatenga ngolo yanu yonyezimira. Mtauni muno imayenda bwinobwino, Katoto, Luwinga, Chibavi, osamva kanthu. Dikirani tsiku lomwe mwakweza matumba, mukutsetsereka njira ya ku Nkhata Bay mvula ikugwa. Kumbuyo kumayamba kaphokoso, go go go, mumati ndi tcheni kapena chitseko. Si tcheni ayi. Limu ikusewera pa masitadi, mabowo ayamba kutalika ngati dzira, ndipo mukanaima mukanaona fumbi lofiira la dzimbiri kuzungulira nati iliyonse, habu ikutentha yosagwirika. Sitadi imodzi imaduka kaye, zotsala zimasenza katundu wa inzake, kenako zimathothoka motsatizana mphindi yosakwana. Mumangoona tayala lanu lomwe likukupitirirani kumbali, likudumphadumpha kulowera kutsetse. Nsonga ya ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala awiri chija, yakumba phula, ngolo yapendama n'kukoka kumbuyo kwa galimoto, chiwongolero chikukana, matumba aphulika, chimanga mbwee mumsewu wonyowa. Anthu a m'mbali mwa msewu afika kale ndi mabeseni, ena kuthandiza ena kudzithandiza. Tayala mukalifuna kumunsi m'tchire ndi tochi ya foni. Ndipo thokozani ngati silinakumane ndi mwana kapena wakabaza. Mumuimbire mmisiri uja tsopano. Akayankha n'komwe, mawu ake ndi amodzi: "Munachulutsa katundu bwana." Katundu wake uti, poti iye yemweyo analumbira kuti inyamula matani awiri? Anthu amenewa ndalama amalandira ndi manja awiri, koma vernier alibe ndipo safuna kuidziwa.

Za kulemera tiwerengere limodzi. Matumba 20 a chimanga a 50 kg ndi 1,000 kg, ngolo payokha mwina 300 kg, zonse 1,300 kg. Ekiselo za chitsulo chosabowoka cha makona anayi kawirikawiri amaziyika motere: 40 mm pafupifupi 1,000 kg, 45 mm pafupifupi 1,400 kg, 50 mm pafupifupi 2,000 kg. Misewu yathu ya maenje komanso ya fumbi yopita ku minda imamenya kwambiri, ndiye kwerani sitepe imodzi, pa katundu ameneyo tengani ya 50 mm. Paipi ya madzi si ekiselo, kaya ndi yonenepa bwanji. Ndipo chofooka kwambiri ndi chomwe chimalamula: ekiselo, mabering'i, masipuling'i kapena matayala. Tayala la 175/65R14 lolembedwa 82 limanyamula 475 kg, awiri 950 kg basi. La 195R14C lolembedwa 106 limanyamula 950 kg lokha. N'chifukwa chake a Probox muno omwe akufuna ngolo ya malimu a 4x100 asamalote za matumba 20.

Utali wa ekiselo musaganizire. Umayezedwa kuchoka pomwe limu imakhala pa habu mbali ino kufika pomwe imakhala mbali inayo. Gonekani tayala pansi mkati mwake mutayang'ana kumwamba, ikani thabwa lowongoka pamwamba pa tayala, muyeze kutsika mpaka pamene limu imagunda habu. Tinene kuti mwapeza 130 mm. Onjezani 40 mm ya mpata pakati pa tayala ndi bodi, poti matope a Mzuzu amamatirira ndipo tayala limafufuma likalemedwa. Ndiye 170 mm mbali iliyonse. Bodi ikakhala 1,250 mm m'lifupi, ekiselo ndi 1,590 mm. Malimu a Hilux zatsopano amalowa mkati kwambiri kuposa a zakale, ndiye muyeso uchokere pa limu yanu yeniyeniyo, osati ya mnzanu. Masipuling'i akhale pafupi ndi habu momwe kungathekere. Mukawaika mkati kwambiri, chitsulo chotsala kunjacho chimapindika, matayala n'kutagalala, n'kumadyeka mkati mokha.

Pomangirira: ma U-bolt awiri mbali iliyonse ndi pulaiti yake, ndipo mutu wa bawuti yapakati pa sipuling'i ulowe m'bowo la kachitsulo komwe sipuling'i imakhalira. Musalole kuwotcherera modutsa ekiselo, mng'alu umayambira pomwepo. Ekiselo ikhale kumbuyo pang'ono kwa pakati pa bodi, magawo 60 kutsogolo, 40 kumbuyo, kuti pafupifupi 10 peresenti ya kulemera itsamire pa mpira wokokera wa 50 mm wa kumbuyo kwa galimoto. Ikakhala kutsogolo, ngolo imavina mukangothamanga pang'ono. Musanamange zolimba, yezani ndi chingwe kuchoka pa chokolowekera kufika ku nsonga ya ekiselo mbali zonse ziwiri, zisasiyane kupitirira 3 mm, apo ayi izidzayenda chammbali ngati nkhanu.

Mabering'i lembani manambala ake papepala musanatseke. Ngati ndi 30205 ndi 30206, bowo lake ndi 25 mm ndi 30 mm, ndipo amapezeka mosavuta m'mashopu a sipeya. Girizi muikanikize ndi chala mpaka itulukire mbali ina ya bering'i, osangopaka pamwamba. Mangani nati yapakati mukuzunguza tayala mpaka lilimbe, bwezani pang'ono kuti lizizungulira momasuka popanda kugwedera, kenako sipiliti pini yatsopano. Msomali wopinda ayi. Mukayenda makilomita 50 oyamba imani, mangitsaninso manati, mugwire habu ndi dzanja. Yofunda ili bwino, yootcha ikukuchenjezani.

Mabuleki musanyoze. Ku South Africa ngolo yopitirira 750 kg imafunika kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo chifukwa chake mudzachimvetsa mukutsika Chiweta tani yathunthu ikukukankhani kumbuyo. Pitani ku Road Traffic mukafunse zofunika pa kalembera musanadule chitsulo, osati mutamaliza.

Za kusikirapu sindizikonda kwenikweni, komabe kunena zoona, ndalama zikavuta njira yosavuta yopezera habu yogwirizana ndi malimu a Hilux ndi yomweyo: gulani difu yathunthu yakumbuyo ya Hilux yofanana ndi yanu, kutanthauza ekiselo yonse pamodzi ndi magiya ndi mahabu ake. PCD, bowo lapakati, masitadi, zonse zimagwirizana zokha, popanda tupa. Kuipa kwake ndi yolemera, m'lifupi mwake simungasinthe ndiye bodi itsatire difuyo, chimimba chake chimagunda pansi m'njira zokumbika, ndipo oyilo asathemo chifukwa magiya akuzungulirabe. Muizunguze musanalipire, mumvetsere ngati ikulira, muone ngati siinapindike pa ngozi, mabering'i ndi masilo musinthe. Chomwe ndikukana ndi kudula nsonga zokhalapo matayala akutsogolo a galimoto n'kuziwotcherera pa paipi ndi diso lokha. Ngati mmisiri wanu akuumirira njira imeneyo, nsongazo zikasemedwe pa lathe, makina osemera zitsulo, zilowe mkati mwa chitsulo zisanawotchereredwe, ndipo inu mukhalepo poyeza. Tumizani muno chithunzi cha kumbuyo kwa limu yanu, pomwe pali manambala, ndi muyeso wa bodi, tikuwerengereni utali wake.